Chidindo m'Thumba la Nyemba

Anawabweretsa kupolisi 7 koloko itangokwana, atawamanga manja ndi chingwe choyanikira zovala, chigulu cha anthu chili pambuyo kukuwa kuti wakuba, wakuba. Sajeni Tithokoze Nampinga atasuzumira pawindo, kapu ya tiyi inatsala pang'ono kumupulumuka. Womangidwayo anali Bambo Ambrosi Nakhumwa.

Abale inu, Ambrosi weniweni! Munthu wosunga makiyi a ofesi ya msika wa pa Mthethe, kuno ku Bangwe, kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, osatayapo ngakhale kakiyi ka loko wa kuchimbudzi. Tithokoze anakulira mumsika momwemo, kunsi kwa benchi la tomato la mayi ake, ndipo mpaka lero ukanyoza msika wa pa Mthethe iye alipo ndiye kuti waiputa dala. Ankawadziwa a Ambrosi ndi jekete lomweli labulauni, lomanga mabatani onse ngakhale mu Okutobala. Lero jeketelo linali fumbi lokhalokha, koma mwini wake anaima njo, mutu uli m'mwamba.

"Masulani chingwecho," anatero Tithokoze. "Si mbuzi imeneyo. Alankhule mmodzi, enanu panja."

Nkhani yake inali yotere. A Ambrosi eni ake ndi amene anatsegula ofesi hafu pasiti sikisi, n'kupeza chidindo cha msika mulibe m'kabati, ndipo ndi iwo omwe anaitana anthu. Loko sanathyoledwe. Wina m'gulumo anakuwa kuti kasecheni kwa wosunga makiyi. Pa benchi lawo, m'thumba la nyemba za nanyati, anapezamo chidindocho pamodzi ndi makalata atatu olemba pamanja, ogawa malo a mumsika kwa anthu osadziwika, onse odinda bwinobwino. Amene anayamba kukuwa uja palibe anamudziwa. Pamsika zimatero, amakuwa onse koma woyamba sapezeka.

Atatsala awiri m'chipinda chofunsira, Tithokoze anakoka mpando.

"Khalani pansi, bambo."

"Ndiima, mwanangu. Mpando umenewo ndi wa olakwa."

"Chidindo chinalowa bwanji m'nyemba zanu?"

"Sindinabe."

"Makiyi munapatsako munthu sabata ino?"

Mdalayo anayang'ana khoma. Tithokoze anayala makalata aja patebulo.

"Dzanja ili ndi lanu?"

Anawaponyera diso kamodzi kokha. "Magalasi ndasiya kunyumba."

"Bambo, ndithandizeni kuti ndikuthandizeni. 2 koloko masana ano komiti ya msika ikukumana. Lamulo lanu mukulidziwa kuposa ine: membala amene ali m'selo pa mlandu wakuba amachotsedwa tsiku lomwelo, dzina lake n'kukhomedwa pageti. Mukufuna adzukulu anu azidutsa pageti limenelo?"

Mawu a Ambrosi anatuluka omwe aja. "Sindinabe. Zina ndilibe."

Tithokoze anapsa mtima, osati ndi mdalayo ayi, koma ndi amene anamufikitsa pamenepa. Anatenga chipewa chake. Dzina limeneli silikhomedwa pageti iye ali moyo.

Panja anakumana ndi Raymond Khonjera, mkamwini wa a Ambrosi, mwamuna wa mwana wawo Chiso. Anali wowotcherera zitsulo wodziwika Bangwe yense, komanso wachiwiri kwa tcheya wa msika. Anabwera mu ovolosi yake yabuluu, atanyamula kontena ya phala ndi mabanzi, maso ali psuu.

"A Sajeni, madala akewa ndi oyera, ndikulumbira. Izi ndi ndale basi. Mukafunse Brenda wa kaunjika uja. Ndi amene waitanitsa msonkhano wa lero kuti agwetse Mayi Safiya pa utcheya. Shaa, anthu alibe chisoni!"

"Inu muli ndi kiyi wa ofesi?"

"Ine? Olo tcheya alibe. Madala sapatsa munthu makiyi, ngakhale mkazi wawo."

"Sabata ino mwayendako kuti?"

"Kuyenda? Ndili ndi oda ya mawindo twente, ikundidya mutu. Chiyambire Lolemba sindinachoke pa shedi yanga, olo ku Limbe kwenikweniku sindinafike."

Tithokoze analandira kontenayo n'kupatsa wapolisi wa pa kauntala. Kenako anayenda wapansi kulowera kumsika.

* * *

Mayi Safiya Idrisa, tcheya wa msika, anawapeza akusankha anyezi ngati kuti kunja kuno kulibe nkhani. Anali mayi wathupi, wa mpango wobiriwira, wolankhula mosathamanga.

"Titho, wabwera ngati mwana wa malemu Nampinga kapena ngati boma?"

"Zonse ziwiri, mayi. Ndimvetseni za komiti yanuyi. Ndani ali ndi ndani?"

Mayi Safiya anasesa benchi ndi dzanja n'kuyamba kuyala anyezi m'timagulu.

"Mipando ilipo fifitini, zipani zinayi. Awa sikisi ndi ife a Lichero, ogulitsa zakudya, a Ambrosi ali momwemu. Awiri awa ndi a Nyundo, owotcherera ndi a hadiweya, Raymond ndi mnzake Albert. Atatu awa a Sikelo, anthu a nsomba. Anayi awa," anawakankhira kumapeto kwa benchi, "a Belo, a kaunjika, kwa Brenda. Boma langa ndi Lichero, Nyundo ndi Sikelo. Leveni."

"Koma sikisi ndi awiri ndi eyiti. Eyiti mu fifitini mwawina kale. A nsombawo munawaitaniranji, kumagawana maudindo ndi anthu oti simukuwafuna?"

Mayiwo anaseka mpaka mpango unasendera kumbuyo.

"Funso limenelo andifunsa ndi abale anga omwe. Amati Safiya ndi wamantha. Tamvera. Miyezi itatu yoyamba ndinalamula ndi eyiti yomweyo, ndipo ndinaonda. Lolemba Raymond akufuna shedi ya pafupi ndi geti. Lachitatu akufuna mlamu wake akhale mlonda. Ndikati ayi, amangocheukira kwa Brenda n'kumwetulira. Anthu awiri kumandiyendetsa ine wa sikisi! Tsiku limene ndinalowetsa a nsomba, Raymond anaphunzira kugogoda asanalowe mu ofesi. Pano ndi mwana wabwino."

"Chifukwa chake n'chomwecho basi?"

"Ayi. Ukufuna kusintha lamulo la msika, kapena kugwetsa denga lakale lija, pamafunika manja teni, eyiti sakwana. Ndiye a nsomba aja, ukawasiya panja, ntchito yawo ikhala kukugenda. Uli nawo m'kati, madzi onunkha a pa mzere wawo amakolopa okha, chifukwa boma ndi lawo. Chachikulu n'chakuti kuno anthu amadwala, amabereka, amapita kumaliro. Boma la eyiti limagwa ndi malungo a munthu mmodzi. Taona lero." Anachotsa anyezi atatu, kenako mmodzi. "A nsomba atatu apita kumaliro. A Ambrosi ali kwa inu. Ndatsalabe ndi seveni, Brenda folo. Abwere masana ano adzachite manyazi. Anthu aja ankanditcha wamantha adzaone okha."

Ananena monyadira, ndipo kunyadako kunali koyenera. Koma Tithokoze anayang'anitsitsa anyeziwo ndipo china chake sichinamukhalire bwino. Brenda anaphunzira naye kalasi imodzi. Anali wamakani, wapakamwa, koma wopusa ayi. Angaitanitse bwanji voti yoti akudziwa kuti aluza? Ndipo angabe chidindo kuti achotse munthu mmodzi, pamene mmodziyo sasintha kanthu?

"Maliro ake ndi a ndani?"

"Che Lukumani, amene anayambitsa mzere wa nsomba. Anapuma kalekale, amakhala kwawo ku Chirwa uko. Uthenga uli pageti, tinaupeza mbandakucha."

"Wodinda?"

"Nanga ukanakhala wosadinda akanapita?"

Mayi Safiya atangotero, dzanja lawo linaima pa anyezi. Onse awiri anayang'anana.

* * *

Pa Mthethe pali mwambo wake. Zaka za m'mbuyomo kunkabwera atsizinamtole ndi mauthenga a maliro abodza, mpaka komiti inalamula kuti uthenga wa zovuta wopanda chidindo cha msika usamveredwe. Lamulo labwino ndithu, koma linabala ulesi. Anthu anasiya kuwerenga. Amangoona dzina la womwalira, n'kuona chidindo pansi, basi akazi ayamba kale kulira.

Katoni ya uthengawo inali ikadali pageti, yolembedwa ndi penti wofiira, zilembo zikuluzikulu zooneka bwino. Tithokoze anaizula n'kupita nayo ku mzere wa nsomba. Mabenchi onse anali ovundikira ndi masaka. Kunatsala Abiti Zeinabu okha, gogo wa mwendo wotupa amene anamusiya kuti azilondera usipa wa anzake.

"Gogo, ananyamuka nthawi yanji?"

"Sikisi isanakwane, mwanangu. Ife Asilamu sitigoneka maliro, ukachedwa upeza atayika. Anangotaya zonse n'kukwera. Che Hussain, tcheya wa mzere wathu, anakwera ndi nsapato imodzi."

"Galimoto anaipeza kuti m'mawa choncho?"

"Lole inali pageti kale, injini ikulira. Tinati koma komiti yathu ndi yachangu."

"Uthengawu munauwerenga?"

"Ine zilembo zanuzi ayi, ndinaphunzira za ku madarasa zokha. Tandiwerengere, ndimve mmene anapitira mkulu wathu."

Tithokoze anawerenga mokweza. "Zovuta. Che Lukumani atisiya kumudzi kwawo ku Chirwa. Ayikidwa lero masana. Bokosi lagulidwa kale. Lole ili pageti."

Gogoyo anasiya kuingitsa ntchentche.

"Bwereza pamenepo. Chagulidwa n'chiyani?"

"Bokosi."

"Ngwamba, ayi! Bokosi? Che Lukumani, munthu woti anapita ku Maka, alowe m'bokosi? Ife timakulunga m'sanda, timanyamula pa jeneza. Walemba zimenezi sanapondepo pa maliro a Chisilamu. Ndipo usandiuze kuti ndi Ambrosi. Ambrosi ndi Mkatolika, inde, koma maliro athu onse a mumsika muno amakhala kutsogolo. Atamwalira amuna anga anagwira nawo jeneza mpaka kumanda."

Asanamalize, kafoni kawo kanalira m'chitenje. Anakaika kukhutu, kenako anakachotsa n'kukayang'ana ngati kawaluma. Tithokoze anakalanda mwaulemu. Mawu a Che Hussain ankamveka modukaduka, netiweki ya kumeneko ndi yokwera pachulu.

"Tawapeza! Tawapeza ali pakhonde akumwa tiyi! Azimayi atsika lole akulira, iwo n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Manyazi ake, a Sajeni, ine sindinaonepo!"

"Mubwerera nthawi yanji?"

"Msewu wake ndi woipa, maola anayi ndi theka. Tikafika msonkhano utatha."

"Funsani dalaivala, loleyo ndi ya ndani?"

Panadutsa kanthawi, mphepo ikuwomba mu foni.

"Akuti ya a Daniel, a galaja ya ku Chirimba."

Chirimba! Malole ali mbwee ku Bangwe ndi ku Limbe, munthu n'kukatenga ya kutsidya lina la tauni. Wotchi inali itadutsa hafu pasiti teni. Tithokoze anapinda katoni ija, n'kukodola wa njinga yamoto.

* * *

A Daniel anali bambo wamfupi, wa chimimba, wokonda kulankhula kuposa kumvetsera. Atangoona yunifolomu anayamba ndi kudziyeretsa.

"Mapepala a lole ali bwinobwino, madamu, inshuwalansi, chilichonse. Ine ndi munthu wa bizinesi, za chinyengo ndimadana nazo kuyambira ndili mwana, mukafunse ku tchalitchi."

"Lole yapita ku Chirwa ija anaibwereka ndani?"

"Kasitomala. Maliro, madamu. Ine pa maliro sindivuta, tonse ndi opita."

"Anabwera liti?"

"Lolemba, chakumasana. Anati Lachinayi m'mawa, faifi koloko, ikaime pageti la msika wa pa Mthethe."

"Lolemba anakuuzani kuti Lachinayi kuli maliro?"

"Eya."

"A Daniel, uthenga ukuti munthuyo wamwalira lero. Inu simunadabwe kuti munthu akudziwiratu Lolemba maliro a Lachinayi?"

Bamboyo anakanda m'mutu.

"Iii, koma zoona eti? Ine ndimangoti mwina odwalayo madokotala anenapo kale. Masiku ano zinthu zake n'zotsogola."

"Dzina lake?"

"Sindinafunse. Wamtali, wakuda bwino, wa ovolosi. Koma munthu wabwino, madamu! Anaona geti langali likukhwekhwereza pansi, chaka chonse likundivutitsa, iye n'kuti muli ndi makina owotcherera? Ola limodzi lokha, taonani mmene likutsegukira." Analikankha ndi chala chimodzi, getilo n'kuyenda mwakachetechete. "Anapakanso ndi penti wake yemwe, anali naye m'chikwama."

Tithokoze anagwada. Mahinjesi anali atsopano, owotcherera mwaluso, opaka penti wofiira uja amapaka pazitsulo kuti zisachite dzimbiri. Anatulutsa katoni ija n'kuiyandikiza. Kufiira kwake kunali kumodzimodzi.

Ndiyetu pali chinthu chimodzi chimene wowotcherera wa mu Blantyre sangathe kudziletsa, ngakhale atapita kokachita zoipa. Akamaliza ntchito yabwino, dzanja limayabwa. Pansi pa geti, pakona ya kumanja, panali zilembo zing'onozing'ono zaudongo: KHONJERA WELDING, BANGWE, ndi nambala ya foni.

Munthu woti sanafike olo ku Limbe! Tithokoze anajambula ndi foni yake, ndipo ali chigwadire anakumbukira anyezi a Mayi Safiya. Seveni kwa folo. Chotsanipo awiri a Nyundo, muwaike mbali inayo. Faifi kwa sikisi.

* * *

Anafika kupolisi 1 koloko itadutsa, fumbi lili m'nsidze. A Ambrosi anali chiimire m'selo, phala lija osalikhudza. Tithokoze anawatulutsa n'kuwapatsa foni.

"Taonani ichi, bambo."

Chithunzicho anachikulitsa dala, dzina la mkamwini wawo linadzaza galasi lonse. Mdalayo anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope osasintha ngakhale pang'ono.

"Geti labwino," anatero. "Ndi la ndani?"

Tithokoze anayang'ananso foniyo. Si nkhani ya magalasi iyi, zilembozo zinali zazikulu ngati zala. Anakumbukira ali mwana, a Ambrosi akumuitana kuti tawerenga apa tione ngati kusukulu ukupitadi. Iye ankayesa mayeso. Anatseka chitseko.

"Bambo, palembedwa kuti Khonjera."

Apa ndiye mdalayo anakhala pampando uja anaukana m'mawa.

"Simudziwa kuwerenga," anatero Tithokoze motsitsa mawu. "Kulembanso simudziwa."

"Ndani wakuuza?"

"Palibe. Ndani akudziwa?"

Mdalayo anapuma mozama. "Mkazi wanga. Mwana wanga Chiso. Ndi mwamuna wakeyo, chifukwa makalata a komiti ndi amene amandiwerengera madzulo, ine n'kusunga m'mutu. Ndinabwera kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire, ndili ndi zaka teni, bambo anga atafera pankhondo. Anzanga akupita kusukulu ine ndinkasenza matumba pa Limbe. Zaka zonsezi ndakhala pa komiti ndi anthu a Fomu Folo, palibe anandigonjetsapo pa lamulo la msika, ndime iliyonse ili muno." Anagogoda pachipumi. "Lachiwiri anati kabati ya mu ofesi yaweyeseka, andikonzere. Ndinamupatsa makiyi kwa ola limodzi. Mwana wa m'nyumba."

"Ola limodzi limakwana kudulitsa kiyi wina. Ndiye anadziwa kuti simungadziteteze. Kuti munene kuti makalata aja si anu, muyenera kuulula. Anawerengera kuti mulola kugona m'selo."

"Anawerengera bwino."

"Ayi, bambo! Mukufuna pageti palembedwe kuti Ambrosi Nakhumwa ndi wakuba?"

"Akalemba sindikawerenga."

Tithokoze anafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anagwada patsogolo pawo, yunifolomu ndi nyota zake zomwe.

"Adzukulu anu akawerenga. Ine sindikaulula, chinsinsi n'chanu. Ndili ndi geti, ndili ndi lole, ndikayesa ndi zimenezo. Koma tiyeni mukaime pamenepo, akuoneni."

Mdalayo anaimirira, n'kusasa fumbi pajekete.

* * *

Komiti imakumana mu shedi ya chimanga, ndipo tsiku limenelo theka la msika linatseka mabenchi kudzaonerera. Atalowa, anapeza Brenda Maziko wa kaunjika ataima, akumaliza kuwerenga pempho lake lochotsa tcheya. Mayi Safiya anakhala phee. Koma Raymond sanakhale pa mpando wake wa masiku onse pambali pawo. Iye ndi Albert anali atasendeza mipando yawo pakati, kufupi ndi a Belo. Mayi Safiya anali atayamba kuiona mipandoyo, ndipo nkhope yawo inali itagwa.

Anthu ataona a Ambrosi, phokoso linabuka. Tithokoze anakweza katoni ija.

"Che Lukumani ali moyo, akumwa tiyi kwawo! Uthenga uwu ndi wabodza. Lole inabwerekedwa Lolemba ku Chirimba, maliro asanapekedwe n'komwe. A Khonjera, munandiuza kuti chiyambire Lolemba simunachoke pa shedi. Nanga geti ili munaliwotcherera muli kuti?"

Foni inayenda m'manja mwa a komiti. Albert ataiona anabweza mpando wake mwakachetechete. Koma Raymond mutu unali wachangu, tisamunamizire.

"Chabwino, ndinapitadi. Ndimafuna kuwabisira, ndi apongozi anga. Ndi madalawa anandituma kukabwereka lole, ndi penti yemwe anandipempha. Ine sindinadziwe kuti akufuna kulembera chiyani. Chidindo chapezeka kwa ndani? Makiyi amasunga ndani? Makalata aja analemba ndani?"

Anthu anayamba kung'ung'udza, mitu ikutembenukira kwa mdala uja. Kalanga ine, bodza likamatuluka mwa munthu wa m'banja limamveka ngati zoona. Tithokoze analuma mlomo. Lonjezo anali atapereka, ndipo sakanaliphwanya.

A Ambrosi anayenda mpaka pakati pa shedi. Anayang'ana mkamwini wawo, kenako anthu onse, mmodzimmodzi.

"Ine Ambrosi Nakhumwa sindinalembe katoniyo, sindinalembe makalatawo. Sindingathe. Sindidziwa kulemba, sindidziwa kuwerenga. Sukulu sindinaiponde ngakhale tsiku limodzi. Magalasi amene ndakhala ndikuiwala zaka zonsezi kulibe, sindinagulepo. Wodziwa zimenezi kuyambira kale mu shedi muno ndi mmodzi, ndi uyo ndinamupatsa mwana wanga, ndipo Lachiwiri ndinamupatsanso makiyi."

Kumbuyo wina anayamba kuseka, koma kusekako sikunafike patali.

"Aseke wina ndimuone!" Anali Brenda, maso ali gwa. "Aseke! Madala awa anandigwetsa ine katatu pa ndime za malamulo, ine wa satifiketi, osayang'ana pepala. Inu oseka mumadziwa ndime ingati?" Anatembenukira kwa Tithokoze. "A Sajeni, lembani. Raymond ndi amene anandiuza kuti msonkhano ndiuike Lachinayi, ati mavoti awiri andipatsa ndipo enawo adzakhala ochepa. Anafuna utcheya ukhale wake, ine wachiwiri. Sindinafunse kuti adzachepa bwanji, kulakwa kwanga n'kumeneko. Safiya ndimafuna kumugwetsa, ndipo ndidzamugwetsa, koma osati ndi maliro a munthu wamoyo." Anang'amba pempho lake pakati.

Raymond anayang'ana kukhomo, koma kunali kutadzaza azimayi a tomato. Tithokoze anamuveka unyolo mosathamanga, ndipo anaonetsetsa kuti pasapezeke womuponyera ngakhale khoko la chimanga. Pa Mthethe anamanga kale munthu mmodzi ndi chingwe tsiku limenelo, zinakwana.

Mayi Safiya anaimirira.

"Bambo Ambrosi, msika wakulakwirani, ndi ine ndemwe ndinakhala chete m'mawa. A Albert, mpando wanu uli pomwe unali, boma ili ndi lalikulu, simuchoka chifukwa cha mnzanu. Alembi, lembani kuti mlandu wa a Nakhumwa wafufutidwa, makiyi akhala kwa eni ake. Mamembala onse asayine."

Buku linayenda, aliyense n'kusayina, mpaka linafika kwa a Ambrosi. Mlembi anawapatsa cholembera mwachizolowezi, kenako anachita manyazi, osadziwa kuti achibweze kapena ayi. Zaka zonsezi mdalayo ankajambula timizere tiwiri tokhota timene Chiso anamuphunzitsa, n'kumati ndi siginecha.

"Chotsa cholemberacho, mwanangu. Bweretsa inki ya chidindo."

Anapinda dzanja la jekete, n'kuviika chala chachikulu mu inkiyo. Anachikweza m'mwamba kuti shedi yonse ichione, mpaka a kumbuyo omwe, kenako anachidinda m'buku mwamphamvu, pansi pa dzina la tcheya.

"Tsopano wina andiwerengere zimene ndasayinazi," anatero. "Mokweza. Ndipo kuyambira lero muzindiwerengera pompano, pamaso pa anthu."

Tithokoze, dzanja limodzi lili pa unyolo wa Raymond, analanda bukulo kwa mlembi. Anayamba kuwerenga mokweza.